Kalata yotseguka kwa Nduna Yoona za Magetsi: mkaka wa ku Diamphwe ukusasa usanafike kumsika

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kalatayi ndili kwathu m'mbali mwa mtsinje wa Diamphwe, kumene boma la Lilongwe limathera, tsidya linalo n'kukhala Dedza. Ndinagwira choko zaka zambiri kusukulu ya pulayimale, ndipo nditapuma ndinagula ng'ombe ziwiri za mkaka. Misika yathu ndi Mitundu ndi Nathenje. Pa malo awiriwa mapolo a magetsi anafika kalekale, choncho m'mabuku a boma dera lino lili m'gulu la othandizidwa. Ndikufuna ndikuuzeni zimene mabukuwo sanena, ndipo ndiyambira pa chigubu cha mkaka popeza ndicho ndimachidziwa bwino.

Mkaka umatuluka m'bere la ng'ombe uli wofunda, ndipo kufundako n'kumene tizilombo timakonda. Ukapanda kuziziritsidwa msanga kufika cha m'madigiri 4, pakangopita maola ochepa umayamba kusasa. N'chifukwa chake alimi tinapanga magulu, n'kumathira mkaka wathu m'thanki imodzi yoziziritsa podikira galimoto ya kampani yochokera mumzinda. Munthu umadzuka tambala woyamba, kukama, kumanga chigubu panjinga, kupalasa. Ukafika, mlembi amatapako pang'ono n'kusakaniza ndi sipiriti. Mkakawo ukachita mibulu, ubwerera nacho chigubu chako. Zimenezo n'zachilungamo ndipo sitidandaula nazo. Chowawa ndi tsiku limene mkaka wa aliyense wakhoza mayeso, walowa m'thanki uli bwinobwino, kenako magetsi n'kuthima madzulo, jenereta ilibe dizilo. Zinatigwera mwezi wina wa Okutobala, kunja kukutentha ngati m'ng'anjo. Kutacha tinapeza thanki yonse itagwirana. Tinagawana m'zidebe, wina kukapanga chambiko, wina kukapatsa nkhumba. Mayi wina wamasiye, amene ankadalira ndalama imeneyo kuti alipirire mayeso a mwana wake, anangokhala pakhonde kukamwa kuli gwa, chidebe chili pambali. Udzu anamweta, madeya anagula, mankhwala a nkhupakupa anapopera. Palibe chimene analakwitsa.

Si alimi a mkaka okha. Pitani pa Nathenje tsiku la msika mukaone amayi a mafirizi ndi thobwa lozizira, amene mpamba wawo wonse uli mu furiji imodzi. Mukaone obwera ndi nsomba zaziwisi kuchokera kunyanja, atazikwirira m'madzi oundana amene akusungunuka iwo akuona. Mukaone opha mbuzi ndi ng'ombe, amene ikakwana 3 koloko nyama isanathe amayamba kutsitsa mtengo, ntchentche zitayamba kale kuzungulira. Ndiye pali madimba a m'mbali mwa Diamphwe, odzaza tomato, repu, mpiru ndi kabichi zimene zimadyetsa mzinda wa Lilongwe. Mavenda amadziwa kuti mlimi wa tomato m'mawa amatchula mtengo, koma dzuwa likapendeka amangolandira umene wapatsidwa, chifukwa dengu limenelo silingagone. Umphawi wina kuno umabwera ndi chilala, wina ndi kukwera mtengo kwa feteleza, koma winanso umabwera chifukwa tilibe poika chinthu kuti chifike mawa.

Ndikudziwa kuti kuthimathima kwa magetsi sikunayambe ndi inu. Mbali yaikulu ya magetsi a dziko lino imachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nyanja itatsika mu 2016 ndi 2017, makina anasowa madzi okwanira ndipo tinkakhala mumdima maola ambiri patsiku, mpaka kunabwera majenereta a dizilo ochita kubwereka. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la pa Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzima usiku umodzi, ndipo anadzabwerera patapita chaka ndi miyezi. Ndikuonanso zimene zachitika pofuna kukonza zinthu: sola ya mamegawati 60 ku Salima mu 2021, ya mamegawati 20 ku Golomoti yokhala ndi mabatire ake, nthambo yochokera ku Matambo ku Tete kudzafika ku Phombeya, mapulani a Mpatamanga. Zonsezi n'zofunika ndipo zipitirire. Koma ngakhale magetsi atakwana kumene amapangidwira, nthambo yobwera kuno ndi yaitali. Imadutsa m'mitengo, m'madambo, pamapolo oti chiswe chinalowamo kale, ndipo mphepo imodzi ya mvula yoyamba, kapena mbala imodzi yofuna kopa wa mu transifoma, ndi yokwanira kutithimitsira masiku angapo. Kumapeto kwa nthambo kumafuna nzeru yakeyake.

Pakali pano nzeru imeneyo banja lililonse likudzifunira lokha, ndipo njira zimene zilipo zimamudyera wosauka ndalama zambiri kuposa wolemera. Jenereta imafuna petulo, ndipo m'zaka zimene mafuta akhala akusowa kuyambira 2022, wa jenereta amaima pamzere umodzi ndi wa minibasi, nthawi zina n'kubwezedwa chifukwa wabwera ndi chigubu. Sola ndiyo yafala. Palibe mudzi umene simungaonemo kapanelo padenga la udzu. Yatichotsera koloboyi ndi utsi wake, ana akuwerenga usiku, mafoni akutchajidwa pakhomo, ndipo pa zimenezi ndikuthokoza. Koma kapanelo ka mawati 50 sikangayendetse furiji. Furiji imagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo injini yake ikamadzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imadya ikakhazikika. Pogula, anthu sauzidwa zimenezi. Mphwanga anagulitsa nkhumba ziwiri n'kukagula panelo, inverter ndi batire kwa wamalonda wina mumzinda, atamutsimikizira kuti furiji yake ya mafirizi iziyenda mosavuta. Batire anam'patsayo inali ya galimoto. Batire yotere anaipangira kutulutsa mphamvu yambiri pa kamphindi kolizira injini, osati kukhuthulidwa usiku uliwonse, ndipo chaka chisanafike pakati inali itafa. Panelo nayo mmisiri ataiyeza anapeza kuti ikupereka mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi yolembedwa kumbuyo kwake. Kugulanso zina kunali kosatheka, poti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zida zonsezi zimachokera kunja.

Boma linachita bwino kuchotsa msonkho pa zida zina za sola, koma khola likatsegulidwa popanda woima pakhomo, fisi amalowa limodzi ndi mbuzi. Tili ndi Malawi Bureau of Standards, tili ndi MERA. Atumeni abwere pamsika wa Mitundu ndi chida choyezera, ayeze mapanelo ndi mabatire anthu akuona, ndipo wogulitsa akakamizidwe kupereka risiti ndi chitsimikizo choti chinthu chikafa chaka chisanathe adzachibweza. Anyamata ndi atsikana athu ambiri ali ndi manja aluso. Akuphunzirira pa katundu wa anthu chifukwa maphunziro a TEVETA a ntchito ya sola ndi mafuriji sawafikira onse. Gulu limodzi lophunzitsidwa bwino pa Nathenje likhoza kupulumutsa mafuriji ambiri amene panopa asanduka kabati yosungiramo mbale.

Kuphika nakonso kumalowa m'nkhani yomweyi, ndipo kukutikhudza ife a ku Diamphwe mwanjira imene a mumzinda saiona. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 aliwonse ankaunikira magetsi, ndipo oposa 9 pa 10 aliwonse ankaphikira nkhuni kapena makala. Magetsi akathima ku Area 25 kapena ku Kawale, mbaula zimayaka, ndipo makala ambiri a m'mbaulazo ndi mitengo ya ku Dzalanyama. Njinga zosenza matumba timakumana nazo m'bandakucha tikamapita ndi mkaka. Ku Dzalanyama komweko n'kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndiponso Diamphwe wathuyu. Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa. Komabe mnyamata wopanda ntchito sangasiye kuotcha makala pamene mzinda wonse ukumudikirira ndi ndalama m'manja. Ife okhala m'mbali mwa mtsinje tikuona: mvula ikagwa madzi amabwera ofiira ndi aukali, pofika Seputembala amakhala atanyentchera. Madzi omwewa amakalowa mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja ku Salima, nyanja n'kutulukira mu Shire, Shire n'kukazunguza makina a pa Nkula. Ndiye kuti mtengo wodulidwa chifukwa magetsi athima ukuchepetsa madzi amene akanapanga magetsiwo. Chitetezo mbaula yathandiza amayi ambiri kuchepetsa nkhuni, ndipo ifalitsidwe ndithu. Gasi naye akanathandiza akanakhala kuti malo odzazitsira botolo ali pa Mitundu ndi pa Nathenje, koma munthu sangakwere minibasi ulendo wopita ndi wobwera kukafuna makilogalamu atatu a gasi.

Ena adzanena kuti makolo athu analibe furiji koma sankataya chakudya. N'zoona, ndipo nzeru zawo tikuzigwiritsabe ntchito. Nkhwani ndi khwanya timafutsa, mfutso n'kuumanga m'chikwatu kudikira chilimwe. Nyama timawamba. Madzi a mumtsuko amazizira okha chifukwa dongo limatuluka thukuta, thukutalo pouma n'kumachotsa kutentha. Mphunzitsi wina wa ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, anatenga nzeru yomweyi n'kuika mphika waung'ono mkati mwa waukulu, pakati n'kuthirapo mchenga wonyowa, ndipo tomato ndi mabiringano zinayamba kukhala masiku ambiri osawola. Oumba mbiya kuno alipo, mchenga ku Diamphwe ndi wosasowa, ndipo nyengo yathu youma ndi yoyenera njira imeneyi. Alangizi a zaulimi ataiphunzitsa, ingapulumutse ndiwo za pakhomo. Koma ndinene mosabisa kuti mphika wa dongo sungafikitse mkaka pa madigiri 4, sungasunge nyama yaiwisi, sungasunge katemera wa mwana. Makolo athu sankagulitsa mkaka kukampani, ndipo sankalipira sukulu fizi ndi chambiko.

Tsono pempho langa lenileni ndi ili. Kuno kumudzi palibe banja limene lili ndi chigayo chakechake. Chigayo chimakhala chimodzi, aliyense amabwera ndi thumba lake n'kulipira pa ndowa. Mjigo umakhala umodzi, ndipo mudzi umasonkha ya zitsulo zikatha. Kuziziritsa nakonso kukhale choncho. Pa msika wa Mitundu ndi wa Nathenje pamangidwe chipinda chozizira choyendera dzuwa, choti mlimi aziikamo dengu lake la tomato, wa nsomba bokosi lake, wa nyama mwendo wake wotsala, n'kulipira pa tsiku. Pambali pake pakhale makina oundanitsa madzi, kuti mayi wa mafirizi ndi mlimi wa mkaka wokhala kutali azigula chibuma cha madzi oundana n'kupita nacho kwawo. Pa thanki iliyonse ya mkaka paikidwe mapanelo okwanira, magetsi a nthambo akhale othandizira chabe. Ubwino wa kuziziritsa ndi woti kumafunika kwambiri nthawi yomwe dzuwa laswa mtengo, pamene panelo ikupereka mphamvu yake yonse. Ndipo sipafunika mabatire ambirimbiri. Masana dzuwa limaundanitsa madzi, usiku madzi oundanawo n'kumasunga kuzizira mpaka kucha. Mafuriji a katemera oyendera dzuwa amene ali m'zipatala zina za kumudzi amagwira ntchito mwa njira yomweyi, ndipo katemera amakhala pakati pa madigiri 2 ndi 8 popanda batire.

Izi si zolota. Ku Nigeria kampani ya ColdHubs yakhala ikuika zipinda zotere m'misika kuyambira cha m'ma 2015, amalonda n'kumalipira pa kreti pa tsiku. Kuno kwathu, m'boma la Dedza, mudzi wa Mthembanji uli ndi magetsi akeake a dzuwa kuyambira 2020, ndipo anthu amalipira. Ku Sitolo ku Mchinji n'chimodzimodzi. Ku Bondo ku Mulanje anthu akhala akuyatsa magetsi ochokera mu mtsinje wawo kwa zaka zambiri. Amalawi akumudzi aonetsa kale kuti chinthu chikamagwira ntchito salephera kulipira.

Mudzafunsa za ndalama. Pa lita iliyonse ya mafuta ogulidwa m'dziko muno pamadulidwa kandalama kopita ku thumba la magetsi akumudzi, limene limayendetsa MAREP. Dizilo amene gulu lathu limathira mu jenereta magetsi akathima nayenso amasonkha m'thumba lomwelo. Ntchito yaikulu ya thumbali yakhala yodzala mapolo ndi kukoka nthambo, ndipo madera amene sanafikiridwe akudikira ndi mtima wonse, sindikuwalanda. Ndikupempha kuti kagawo kena kapite kumapeto kwa nthambo zimene zinakokedwa kale, kumene anthu anagula mafuriji ndi mathanki pokhulupirira mapolo aja. Palinso thumba la Ngwee Ngwee Ngwee, lochokera mu ntchito ya MEAP yothandizidwa ndi World Bank, limene lathandiza makampani kufikitsa sola za m'nyumba kwa mabanja ambiri. Njira yomweyo ingathe kubwereketsa magulu a alimi zida zoziziritsira, ngongole n'kumadulidwa pang'onopang'ono pa lita ya mkaka. Timadulidwa kale ya dizilo. Bola kudulidwa ya chinthu chimene chidzakhale chathu.

Mudzanenanso kuti zinthu za gulu zimafa msanga. Sinditsutsa. Ndaona mijigo itachita dzimbiri chifukwa msungichuma anadya ya zitsulo, ndaona nyumba zomangidwa ndi mabungwe zitasanduka mogona mileme mabungwewo atachoka. Chimene chimapha zinthu zotere ndi kuzipereka ngati mphatso, popanda wodziwika woti afunsidwe zikawonongeka. Chipinda chozizira chikhale bizinesi. Chikhale ndi mwini wake, kaya ndi kopaletivi kaya munthu wamalonda, atasainirana ndi khonsolo ya boma la Lilongwe. Malipiro azidutsa pa foni, pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti ndalama isagone m'thumba la munthu. Mmisiri akhale wa pafupi, wodziwika dzina ndi mudzi. Komanso tili ndi mwayi umene madera ena alibe: sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda ili pakhomo pa Mitundu penipeni. Ophunzira za uinjiniya wa ulimi ndi za kasungidwe ka zakudya angathe kuyeza malita a mkaka ndi madengu a tomato amene akuwonongeka lero, n'kudzayezanso chipinda chitagwira ntchito chaka chimodzi, kuti inu mudzakhale ndi manambala enieni powerengera madera ena.

Pali chinthu china chimene sichifuna ndalama zambiri, koma chingatipulumutse kuyambira mawa: kutiuza zoona za nthawi. Furiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 magetsi atathima. Ya madzi oundana ikakhala yodzaza ingathe kupirira mpaka masiku awiri, yosadzaza tsiku limodzi. Munthu akadziwiratu kuti Lachinayi magetsi kulibe kuyambira m'mawa, amaundanitsa mabotolo a madzi Lachitatu usiku n'kudzaza mipata. Wopha ng'ombe amadikira Lachisanu. Gulu la mkaka limaimbira galimoto kuti ibwere msanga, kapena limafuniratu dizilo. ESCOM imalengeza ndondomeko zake m'nyuzipepala ndi pa Facebook, koma ambiri a ife kuno tili ndi foni za mabatani ndi wailesi. Uthenga waufupi wa m'Chichewa pa foni ya mwini mita, ndi chilengezo pa wailesi madzulo, zingafike pamene nyuzipepala siifika. Ndipo nthambo ikaduka kapena transifoma ikapsa, tiziuzidwa masiku amene kukonza kutenge, ngakhale atakhala ambiri. Munthu wouzidwa kuti adikira sabata amawamba nyama yake lero. Wongouzidwa kuti akubwera amadikira mpaka nyama itanunkha.

Pa chilengezo chomwecho muziwonjezera chenjezo limodzi. Mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira kwambiri, ndipo anthu amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mawindo. Ena amagoneka jenereta m'chipinda poopa akuba. Mpweya wotuluka m'makala ndi m'jenereta suoneka, sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Ndisaiwale odwala. Matenda a shuga achuluka m'midzi, ndipo amene amadzibaya insulin amafunika pozizira posungira mankhwala awo. Mnzanga wina amene tinkaphunzitsa limodzi amasungitsa ake mu furiji ya pagolosale, pakati pa mabotolo a zakumwa, ndipo magetsi akathima masiku awiri amasowa tulo. Shelefu imodzi yokhoma m'chipinda chozizira cha pamsika, yoyang'aniridwa ndi wazaumoyo wa m'deralo, ingamuchotsere nkhawa imeneyi iye ndi anzake ambiri.

Kwa zaka zambiri takhala tikumva za damu lalikulu la pa Diamphwe loti lidzamwetse mzinda wa Lilongwe. Ndiye kuti madzi athu ali kale m'mapulani a boma, monganso mitengo ya ku Dzalanyama ili kale m'mbaula za mumzinda, ndi tomato wathu m'miphika yake. Sitikukana kudyetsa likulu la dziko lathu. Tikupempha kuti zimene timalima ndi kukama zizifika kumeneko zisanawonongeke, ndipo thukuta lathu lizibwerera kwathu ngati ndalama.

Olemekezeka a Nduna, kuchoka ku Capital Hill kufika pa Nathenje ndi ulendo wosakwana ola limodzi. Bwerani mwezi wa Okutobala, tsiku la msika, cha m'ma 3 koloko masana, musatumize uthenga. Mudzaime pa mabenchi a nsomba ndi nyama, mudzafunse amayi a tomato mtengo wa m'mawa ndi wa nthawi imeneyo. Mukadzaona nokha, yambani ndi zipinda ziwiri zokha, china pa Mitundu china pa Nathenje, ndi mapanelo pa mathanki a mkaka a m'dera lino, nyengo yotentha yotsatira isanafike. Ndagwira mwendo wanu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma komanso mlimi wa ng'ombe za mkaka,
Diamphwe, Lilongwe